Mapazi Pamwezi

Magetsi atazima ku Luwinga
tinatsala awiri pageti la mosungira simenti,
ine ndi Vitumbiko, mbaula pakati,
mwezi uli tsonga padenga ngati nawonso aulemba ulonda.

Anayamba ndi iye, akuloza ndi chibonga.
"Aise, uko sikunapondeko munthu.
Inali filimu. Anangothira mchenga m'holo.
Mbendera ingakupize bwanji kopanda mphepo?
Nanga nyenyezi anaziika m'thumba la ndani?"

Ndinati bambo anga anadzimvera okha ku Ekwendeni,
khutu lili pawailesi,
mabatire atawaanika padzuwa tsiku lonse.
Anaseka mpaka utsi wa makala unamutsamwa.
"Wailesi?
Yomweyi imene imati mafuta alipo ambirimbiri
mlamu wanga atagona pamzere ku Katoto masiku atatu?"

Ndinasowa poponda.
Ndinayesa za kamtengo kopingasa kamene kanagwira nsaluyo.
Ndinayesa za kuwala, kuti chachikulu chimameza tating'ono,
monga lole ikatithira nyale m'maso
sititha kuwerenga nambala yake.
Iye anangotembenuza mbatata paphulusa.

Sindimuda. Ndimadziwa kumene kukayika kwake kunamera.
Kwawo ku Mchengautuwa kunabwera a masuti ndi makamera
kudzatsegulira mpopi.
Madzi anatuluka, ntchemberezo zinalulutira, chithunzi chinajambulidwa,
dzuwa litapendeka galimoto ya thanki
inatuluka mwakachetechete kuseri kwa tchalitchi.
Lero pampopipo amamangirirapo mbuzi.
Mkulu wakenso wa ku Joni
ankatumiza zithunzi atatsamira galimoto yoyera;
tsiku limene anabwera m'bokosi
katundu wake yense anakwana m'jumbo imodzi.
Munthu wotere ukamuonetsa chithunzi
amayamba wasuzumira kuseri kwake.

Komabe ine ndimafuna zikhale zoona.
Sindidziwa chifukwa.
Kapena ndi chifukwa cha bambo, amene usiku umenewo, amati,
anatuluka panja osavala malaya, kuzizira konse kuja,
nakweza chipewa kupereka moni kumwamba.

Cha m'ma 2 koloko nkhungu inatsika kuchokera ku Kaning'ina,
mwezi unalowa m'bulangete,
kenako kamvula kathu kaja, kosapempha, kosatsanzika.
Tinazungulira mpanda kanayi monga mwa lamulo,
iye kutsogolo ndi tochi yakufa diso,
ine pambuyo, madzi akulowa pong'ambika pa jombo.
Pakona ya kumpoto anatembenuka:
"Ndiye akuti mapazi awo akadalipo?"
Ndinati eya, akuti kulibe mvula, kulibe mphepo,
ukaponda waponda.
"Yayi," anatero. Koma sanaseke.

M'mawa a Chavula anafika ndi ambulera ndi kaundula.
Anayenda m'mbali mwa mpanda maso ali pansi.
Matope anali osalala ngati pozira.
"Simunazungulire. Munagona. Phazi lili kuti?"
Tinalumbira. Tinaonetsa masokosi onyowa.
Anati masokosi anyowa ngakhale kwa wogona pakhonde,
nalemba kanthu ndi cholembera chofiira.

Tinatsika wapansi mpaka ku depoti,
akabaza akutiimbira belu, ife osacheuka.
Mwezi unali ukadalipo, wotuwa, pamwamba pa mitengo ya paini,
ngati sopo wotsala pang'ono kutha.
Vitumbiko anaima, nauyang'ana nthawi yaitali,
dzanja lili m'thumba lopanda kanthu.

"Sindinavomere," anatero.
"Koma ngati anapitadi anthu aja,
nabwerako, anthu n'kumati munagona,
ndiye kuti zimawawa."

Anandinyemera theka la mbatata yozizira.
Kumbuyo kwathu kamvula kanali katayamba kale
kufufuta pamene tinaponda.